Galu Wamkota pa Msika wa Baseball

Makolo athu, amene sadaonepo masewera a baseball ngakhale kutulo, adatisiyira mwambi wakuti galu wamkota sakandira pachabe. Ndipo akadati auke lero nakafika ku America m'miyezi ya chisanu, pamene mabwalo atsekedwa ndipo eni matimu akhala pansi ndi matumba awo a ndalama, akadaupeza mwambi wawo uli pakamwa pa aliyense wofuna kugulitsa ukalamba pa mtengo wa unyamata.

Mwambo wa kumeneko ndi wakuti wosewera atumikire zaka 6 mu ligi yaikulu asanakhale mfulu wodzisankhira timu. Ufulu umenewu adaulirira Curt Flood, amene mu 1969 adakana kusamutsidwa kuchoka ku St. Louis kunka ku Philadelphia, nagonja ku bwalo lalikulu la milandu mu 1972, anzake nadzakolola pambuyo pake. Chotero ambiri amamasulidwa akuyandikira zaka 30, pamene nyonga, imene owerengera amati imafika pachimake cha m'ma 27, yayamba kale kutsazika. Tsoka lalikulu lili kwa outfielder, mmodzi wa amuna atatu oima kutali kumalire a bwalo, amene ntchito yake ndiyo kuthamangira mpira wouluka ndi kuuwakha usanagwe. Pakuti ntchito imeneyo ndi ya miyendo, ndipo miyendo ndiyo imayamba kukalamba mwini wake asanamve.

Pamenepo imafika nkhoswe yake ya zamalonda, itavala suti yonyezimira, niyala pa tebulo zonse zimene mkuluyo adachita ali mnyamata, ninena mwaulemu kuti, "Mabwana, munthu uyu amaudziwa mpira usanamenyedwe." Indetu mphuno ya mkota siinama. Koma mwambiwo, pokhala wa anthu ochenjera, udasiya osanena zinthu ziwiri: kuti mbewa ikatuluka kuuna mkotayo adzalipeza liwiro kodi, ndiponso kuti akaigwira adzadya ndani.

Taonani zimene zidagwera New York Yankees. Mu Disembala 2013 adatenga Jacoby Ellsbury, wa zaka 30, amene chaka chomwecho adaba mabesi 52 ku Boston ndi liwiro lake, namulonjeza madola 153 miliyoni pa zaka 7. Mkuluyo adasewera zaka zinayi mosachititsa kaso kwenikweni, kenaka thupi lidayamba kudandaula chiwalo ndi chiwalo, kotero kuti mu 2018 ndi 2019 sadaponde m'bwalo ngakhale kamodzi mwa masewera 162 a pachaka, kufikira adamutsazika mu Novembala 2019. Palibe anganene kuti adakanda pachabe, popeza malipiro ake sadadwale nawo. Amene adabwerera chimanjamanja ndi eni dimba.

Komatu tisafulumire kunyoza imvi. Mu 2015 Miami Marlins idatenga Ichiro Suzuki wa ku Japan ali ndi zaka 41, pa pangano la chaka chimodzi ndi madola 2 miliyoni, ndalama imene kumeneko amaiyesa ya ndiwo. Nkhalambayo, imene inkasamala thupi lake monga wansembe asamalira za kukachisi, idamenya mpira wake wa 3,000 mu Ogasiti 2016, nithamanga kufika besi yachitatu anyamata akuyang'ana kukamwa kuli yasa, ndipo idapuma mu 2019 ku Tokyo ili ndi zaka 45. Kusiyana kwa malonda awiriwa sikuli pa zaka za anthuwo, pakuti wamkuluyo ndiye adapindulitsa. Kuli pa utali wa pangano. A Miami adagula chaka chimodzi, naona, nawonjezera china; a New York adagula zaka 7 zimene Namalenga yekha ndiye adali nazo m'nkhokwe.

Masiku ano, chiyambire 2015, makamera a Statcast amayeza liwiro la wosewera aliyense, ndipo nkhoswe siingathenso kubisa bondo lolira pansi pa mbiri yakale. Choncho yatsala ndi katundu mmodzi amene kompyuta siimuyeza, ndiye nzeru zolangiza achinyamata m'chipinda chovalira, potsamira mawu aja akuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Houston Astros idagula nzeru zotere kwa Carlos Beltrán, woyandikira zaka 40, pa madola 16 miliyoni, nitengadi chikho cha World Series mu 2017. Koma mu Januwale 2020 zidatsimikizika kuti timuyo inkazonda ndi kamera zizindikiro za adani, nidziwitsa womenya mpira pogogoda bini ya zinyalala, ndipo pa osewera onse ochita nawo zimenezi dzina lotchulidwa m'chikalata cha mkulu wa ligi lidali la Beltrán, amene adataya pomwepo udindo wotsogolera New York Mets asanatsogolere masewera ndi amodzi omwe. M'dambo limeneli moto sudazime; udangofuka mobisika zaka ziwiri.

Tsono mwini timu akafuna uphungu wanga, ngakhale sadandipemphe, ndi uwu: alemekeze mkota, amupatse mpando ndi chaka chimodzi, ndipo akalephera kuthamanga amuike pa ntchito yongomenya mpira, imene lamulo limalola, koma asalipire mbewa za dzana ngati kuti zikadali kuuna. Akakayika, akumbukire Bobby Bonilla, amene a Mets pomuchotsa mu 2000 adali naye ngongole ya madola 5.9 miliyoni, nagwirizana kuti adzabweza mtsogolo ndi chiwongoladzanja. Mkuluyo adasiya kusewera mu 2001, koma pa 1 Julaye chaka chilichonse, kuyambira 2011 kufikira 2035, amalandira madola oposa 1.19 miliyoni, ndipo cheke chotsiriza chidzamupeza ali ndi zaka 72, akali pa mndandanda wa malipiro pamodzi ndi anyamata amene adali asanabadwe tsiku limene iye adavula yunifolomu.