Udindo wa Kholo pa Tsiku la Prom

M'sukulu za sekondale za ku United States, chaka cha maphunziro chikamapita kumapeto m'miyezi ya Epulo ndi Meyi, ophunzira a m'makalasi awiri omaliza amakhala ndi phwando lovina la usiku lotchedwa prom, pomwe achinyamata amatchena ngati akuluakulu pogwiritsa ntchito ndalama za akuluakulu enieniwo. Popeza kholo ndi limene limasenza mtolo wonse koma siliitanidwa kukavina nawo, n'kofunika kuti lidziwe malire a udindo wake lisanachititse mwana manyazi pagulu.

Ntchito yaikulu ya kholo ndi kupisa m'thumba popanda kufunsa mafunso. Kafukufuku amene kampani ya Visa inachita mu 2015 anapeza kuti banja la ku America linkawononga pafupifupi madola 919 pa mwambowu, ndipo madola 324 mwa ndalamazo ankathera pa chimene amati promposal, kutanthauza chionetsero chimene mnyamata amakonza, cha zikwangwani, mabaluni ndi maluwa, popempha mtsikana kuti apitire limodzi kuphwandoko. Kufunsa ndi pakamwa pokha n'kwaulere, n'chifukwa chake n'konyozeka. Kholo la mtsikana lisayerekeze kukumbutsa mwana kuti m'kabati muli diresi limene mkulu wake anavala kamodzi kokha chaka chatha, pakuti atsikana a m'sukulu zambiri amatsegula gulu pa Facebook pomwe aliyense amaika chithunzi cha diresi lake kuti wina asagule lofanana nalo, ndipo diresi limene linaonekapo kale limawerengedwa ngati chigamba. Kholo la mnyamata nalo lisaganize kuti lapulumuka, chifukwa liyenera kubwereka suti yakuda yotchedwa tuxedo, kusaka tayi yofanana mtundu ndi diresi limene silinalionepo, kugula corsage, omwe ndi maluwa omangirira padzanja la mtsikana, komanso kusonkha nawo ndalama ya limousine, galimoto yaitali yonyamula ana ulendo umene masiku onse amayenda pa basi yasukulu.

Tsikulo likafika, kholo limapatsidwa mphindi zochepa zojambula zithunzi pakapinga kapena pamasitepe a nyumba. Apa m'pamene ambiri amalakwitsa. Mayi asalire mokweza, asanyowetse chala ndi malovu kuti apukute tsaya la mnyamata wandevu, ndiponso asaitane mwana ndi dzina lake laukhanda anzake akumva. Bambo wa mtsikana amaloledwa kugwira dzanja la mnyamata mwamphamvu pang'ono ndi kumuyang'ana nthawi yaitali osaphethira, koma mafunso okhudza kwawo, mpingo wake ndi ntchito ya makolo ake awasungire tsiku la chinkhoswe. Mwana akanena kuti basi, zithunzi zakwana, kholo lijambule zina zisanu mwakabisira kenako lilowe m'nyumba.

Chitsanzo chabwino cha kholo lodziwa malo ake ndi Pulezidenti Gerald Ford, amene mu 1975 analola kuti prom ya kalasi ya mwana wake Susan ichitikire ku White House, iye ndi mkazi wake ali paulendo ku Ulaya. Si kholo lililonse lingakwanitse kuwoloka nyanja, komabe mfundo yake ndi yomveka. Amalawi okhala ku South Africa, komwe mwambo wofanana nawo umatchedwa matric dance, ndi a ku Britain, komwe prom imachitika ana akamaliza mayeso a GCSE, asaganize kuti malangizowa sakuwakhudza.

Chotsala ndi kudikira. Ngakhale malamulo a ku America salola munthu wosakwana zaka 21 kugula mowa, ndipo sukulu zambiri zimakonza phwando lachiwiri loyang'aniridwa ndi makolo ena kuti ana asasochere, kholo lanzeru siligona. Likhale pabalaza nyali itazimitsidwa, foni ili m'manja, lisatumize mauthenga oposa atatu pa ola, ndipo likangomva galimoto panja lithamangire kuchipinda n'kuyamba kuliza mkonono wabodza, kuti mwana akhulupirire kuti amamudalira. Kukacha lisafunse kuti zinayenda bwanji, poti yankho lake ndi liwu limodzi lokha lakuti bwino. M'malo mwake litole suti yobwereka ija pomwe yatayidwa, lifufuze m'matumba, likaibweze kusitolo tsiku lisanapitirire, chifukwa kuchedwa kuli ndi chindapusa ndipo mwini phwando sadzuka dzuwa lisanafike paliwombo.