Wolembedwa ntchito yodikira maso a nkhono

Makolo athu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Amene anayamba kunena mawuwa anali munthu wa nthawi yake. Analibe foni, analibe ngongole ya katapila, ndipo panalibe womuimbira n'kumufunsa kuti, "Mwafika pati?" Ankatha kukhala pansi pa mtengo m'mawa wonse mpaka nkhono itatulutsa tinyanga take titalitali, tomwe kunsonga kwake kuli maso. Lero mutati munjute pamsika wa ku Shamva n'kumayang'anitsitsa nkhono, anthu akaitana abale anu, abale anuwo n'kukaitana abusa.

Chonsecho alipo anthu amene amalandira malipiro mwezi ndi mwezi chifukwa cha ntchito yomweyi. Mmodzi ndi mphwanga, mwana wa mlongo wanga, wobadwira m'komboni ya pamgodi kuno ku Shamva. Anaphunzira fizikisi, ndipo amagwira ntchito mu labotale ina mumzinda, yosamalira ndi kukonza makina oyezera cheza chochokera m'maatomu. Ntchitoyi amaitcha nuclear spectrometry. Agogo ake atangomva mawu oti nyukiliya anamuletsa kulowa m'khitchini ndi chikwama chake. Mpaka lero amauza anzawo akumpingo kuti mdzukulu wawo amapanga mabomba, koma ndi mwana waulemu.

Ntchito yake yeniyeni ndi iyi. Maatomu ena sakhazikika. Amasweka okha, aliyense pa nthawi yake, ndipo posweka ambiri amatulutsa cheza chosaoneka ndi maso chotchedwa gamma. Mtundu uliwonse uli ndi muyeso wake wa mphamvu umene susintha, kaya muli ku Bindura kaya ku Vienna. Caesium-137 amaonekera pa 662 keV. Cobalt-60 amaonekera pawiri, pa 1,173 ndi pa 1,332. Potaziyamu-40 amaonekera pa 1,461. Ndiye mukam'patsa mphwangayo dothi, mwala, ufa kapena madzi a mumtsinje wa Mazowe, iye amaika m'makina n'kuwerenga kuti cheza chafika kangati pa muyeso uliwonse. Pakompyuta pamamera timapiri tosongoka, ndipo kaphiri kalikonse kamaulula dzina la mwini wake.

Makinawo ndiye nkhono yeniyeni. Mtima wake ndi kachibulumwa ka germanium woyengeka kwambiri. Amakhala m'chigoba cha mtovu chochindikala masentimita ngati 10, kuti cheza cha m'makoma ndi cha pansi chisam'sokoneze. Safuna kutentha: amam'mwetsa nayitrojeni wamadzi, wozizira madigiri 196 pansi pa ziro. Safuna kugwedezedwa: wina akamakhoma msomali pafupi, timapiri tija timafufuma n'kusokonekera. Nayitrojeni akatha iye n'kuyamba kufunda, simungam'patse mphamvu ya magetsi yomwe amagwirira ntchito, ya mavoti masauzande angapo. Mumayamba mwam'leka afundiretu, kenako n'kumuziziritsanso, n'kudikira maola ambirimbiri. Ndinam'funsa mphwanga ngati anayamba wasamalirapo munthu chotere. Anati, "A malume, munthu amakhululuka."

Tsono kudekhako kuli ndi masamu ake, ndipo masamuwo ndi ankhanza. Popeza maatomu amasweka mwachisawawa, yankho lililonse limabwera ndi chikayiko. Mukafuna kudula chikayikocho pakati, simuwirikiza nthawi kawiri ayi, mumaiwirikiza kanayi. Ola limodzi likhala maola 4. Mukafuna kudulanso pakati, maola 16. Dothi wamba lopanda cheza chochuluka limatha kugona m'makina usana ndi usiku. Palibe bwana amene angawakalipire maatomu kuti afulumire. Palibe chiphuphu chimene amalandira. Theka la potaziyamu-40 limatenga zaka zoposa 1.2 biliyoni kuti lisweke, ndiye musayembekeze kuti angamve chisoni poti inu mukuthamangira basi ya ku Harare.

Onani tsono dziko limene munthu wotereyu akukhalamo. Ife tikatumiza uthenga pa WhatsApp, timizere tiwiri tikabiriwira popanda yankho kwa mphindi 5, ukwati uli pa moto. Ndalama ya EcoCash ikachedwa pang'ono, tayamba kale kutukwana makolo a munthu amene sitinamuonepo. Mlaliki akulonjeza chuma sabata ino, sing'anga akulonjeza mawa, mnyamata wa pa intaneti akulonjeza lero lomwe bola mutumize kaye madola 20. Nkhono ya masiku ano tikufuna ibwere maso ali panja, ndi lisiti.

Ndiye mphwanga akafika kumudzi amakumana nazo. Dera lino n'la golide ndi nikelo: mgodi wa Shamva, Freda Rebecca ndi Trojan ku Bindura, ndi makorokoza okumba ndi kusefa m'mbali mwa Mazowe. Aliyense ali ndi kamwala m'thumba. Pamaliro, nyimbo ili mkati, wina amam'kodola n'kumutengera kuseri kwa nyumba, n'kumasula kansanza. "Achimwene, tangoyang'anani. Ndi iyeyu?" Mphwanga akanena kuti maso ake ndi ofanana ndi a wina aliyense, amamuona ngati womana. Kawirikawiri kamwalako kamakhala pyrite, chitsulo chosakanikirana ndi sulufule, chonyezimira ngati golide weniweni. Kunena zimenezi pamaliro n'kuyambitsa maliro achiwiri.

Amene amva za kachipangizo ka m'manja kotchedwa XRF ndiye savutika n'kufunsa, amangolamula: "Bwerani nako kamfuti kanu kaja." Zoona, kamaoneka ngati mfuti. Kamawomba mwala ndi cheza cha X-ray, maatomu a m'mwalamo n'kuyankha aliyense ndi muyeso wake, ndipo m'masekondi ochepa mayina aoneka pagalasi. Apa anthu amati mwambi uja watha ntchito. Koma golide wa mumgodi amakhala magalamu ochepa chabe m'tani yathunthu ya miyala, ndipo kachipangizoka kamangoona kadera kakang'ono ka pamwamba pa mwala. Choipa china, zinki ndi tungsten amayankhira pafupi kwambiri ndi pamene golide amayankhira. Wopupuluma aona nambala, agulitsa ng'ombe, agula kompuresa, n'kukakumba zinki ndi mtima wonse. N'chifukwa chake migodi ikafuna yankho lodalirika imabwerera ku njira yakalekale: kupera mwala, kuusungunula m'ng'anjo pamodzi ndi mtovu, n'kuyeza kambewu ka golide kotsalira. Chipangizo cha madola masauzande ambiri chimagonjera moto.

Musaganize kuti nzeruzi n'zakutali ndi kwathu. A ku Malawi akukumbukira ndege za kafukufuku wa Kauniuni, zimene zinkauluka m'munsi kwambiri mpaka nkhuku kubisala, zotsatira zake n'kutulutsidwa mu 2015. Zina mwa zipangizo za m'ndegemo zinali zowerenga gamma wa potaziyamu, yureniyamu ndi thoriyamu wa m'nthaka. Yureniyamu wa ku Kayelekera ku Karonga, kumene mgodi unatsegulidwa mu 2009, sayezedwa ndi lilime. Ndipo ku Seibersdorf, pafupi ndi Vienna, bungwe loona za nyukiliya padziko lonse la IAEA lili ndi malabotale kumene akatswiri ochokera m'mayiko ngati athu amakaphunzira kugwiritsa ntchito ndi kukonza zipangizozi. Munthu amakwera ndege yothamanga kukaphunzira kudikira.

Tsiku lina mphwanga anawauza agogo ake kuti m'thupi la munthu wamkulu maatomu a potaziyamu-40 pafupifupi 4,000 amasweka pa sekondi iliyonse, ndipo nthochi ndi nyemba nazo zili naye. Agogo anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Ndiye iwe unapita kusukulu zaka zonsezi kuti udzatiuze kuti tonse ndife afiti?" Chikwama chija anachilola kulowa m'khitchini. Nthochi ndi zimene zinatuluka.

Koma pali mbali ina ya mwambiwu imene anthu odikiritsa anzawo safuna kuti tiidziwe. Mphwanga asanayeze chilichonse amayamba wayesa makinawo. Amaikamo kachidutswa kodziwika bwino, monga ka caesium-137. Kaphiri kakapanda kumera pa 662, sataya usiku wake, amatenga zida n'kuyamba kufufuza waya ndi waya. Amayezanso makina opanda kanthu, kuti adziwe phokoso limene limakhalapo ngakhale mulibe chilichonse. Kunena kwina, asanakhale pansi amatsimikiza kuti m'chigobamo muli nkhono. Ambirife tadekha zaka ndi zaka kutsogolo kwa chigoba chopanda mwini. Tikudikira mlamu abweze ngongole. Tikudikira mlatho umene analonjeza pa kampeni. Chemwali akudikira mwamuna amene anapita ku Joni kukagula malata, ana mpaka akwatira. Akatiuza kuti "dekhani," timavomera mwaulemu, osafunsa ngati chigobacho chinayamba chasunthapo.

Agogo athu amene anayenda wapansi kuchokera ku Nyasaland kudzagwira ntchito m'migodi ino ankaudziwa mwambiwu kuposa ife, ndipo ankadziwanso malire ake. Mu 1927 antchito masauzande a pamgodi wa Shamva ananyanyala ntchito pofuna malipiro abwino, ndipo a ku Nyasaland anali patsogolo. Anali atadekha mokwanira n'kuona kuti thumba la bwana lilibe tinyanga.

Palinso malo amodzi pamene kudekha n'kupusa, ndipo apa nthabwala ndaziika pambali. M'migodi ndi m'mafakitale muli zipangizo zoyezera matope a m'mapaipi zimene zimakhala ndi caesium-137 m'kati. Zikasokera n'kufika kwa ogula zitsulo zakale, zimapha. Ku Goiânia m'dziko la Brazil mu 1987, anthu anaphwanya chipangizo cha m'chipatala chosiyidwa, n'kumagawana ufa wake poti unkawala mokongola usiku. Anthu 4 anamwalira, ena ambiri anadwala. Choncho mukapeza chitsulo cholemera modabwitsa chokhala ndi chizindikiro cha masamba atatu pachikasu, musachitole, musachiphwanye, musaitane ana kuti adzaone. Talikirani, chenjezani anzanu, ndipo dziwitsani apolisi kapena a Radiation Protection Authority of Zimbabwe. Ku Malawi ndi a Atomic Energy Regulatory Authority. Ndipo mukakumana ndi mphwanga pamaliro, chonde kamwala kanu kakhale m'thumba mpaka titaika.