Wawa, a L Ofiira!

Anthu amatamanda laisensi yokhwima, ija imatulutsidwa monyada pa rodibuloko wapolisi asanamalize n'kulonjera komwe. Ine lero ndikuombera m'manja mng'ono wake wonyozeka, chiphaso cha wophunzira galimoto, pamodzi ndi mbendera yake, L wofiira womatidwa kutsogolo ndi kumbuyo. Mfumu imeneyi taichita chipongwe mokwanira.

Ufumu wake sulowedwa mwachisawawa. Ukafuna kalasi B, ya galimoto zing'onozing'ono, uyambe wakwanitsa zaka 18, kenako ulawirire ku Road Traffic, kaya ku Ginnery Corner mu Blantyre, kaya ku Lilongwe, Zomba kapena Mzuzu. Akujambule, atenge zidindo za zala, dzina lako lilowe mu MalTIS, maso apimidwe, ndalama ituluke. Usanafike n'komwe pakhomo, adobadoba akuchingamira kale: "Bwana, tikuthandizeni chiyani?" Munthu wopanda ngakhale njinga yakapalasa kutchedwa bwana m'mamawa, osagulira aliyense Fanta! Ulemu umenewu wabwera ndi a L.

Ndiye pali mayeso a zikwangwani. Apa munthu amene wakwera minibasi chibadwire amamva zinthu zododometsa: kuti mzere woyera wosadukiza pakati pa M1 sanaujambule pokongoletsa msewu, kuti pa raundabauti umapatsa mpata wochokera kumanja osati wamkulu galimoto, kuti chikwangwani cha STOP chimanena aliyense, ngakhale wochedwa ku ukwati. Nzeru zonsezi amatuluka nazo zili zamoto, ndipo pamsewu wonse ndi iye yekha amene akadali nazo.

Mukuti ndikunama? Kaimeni m'mbali mwa Masauko Chipembere Highway nthawi yopita kuntchito. Onani amene wayatsa indiketa asanakhote, amene waimira ana asukulu pamizere yowolokera, amene wagwira chiwongolero ndi manja onse awiri foni ili phee m'thumba. Ndi uja wa L, thukuta lili kamukamu ngakhale m'mwezi wa June. Enawo Highway Code anaisiya pa tebulo tsiku lomwe anakhoza.

Koma chimene ndimawagwadira nacho kwambiri a L ndi chilungamo. Pamsewu aliyense ndi katswiri. Wa minibasi woima pakatikati kuti akweze munthu mmodzi ndi katswiri. Wa kabaza wonyamula bambo, mayi, mwana ndi mbuzi, onse opanda chipewa, ndi katswiri. Bwana wa Prado wodutsa anzake paphiri ndiye katswiri wa akatswiri. Mmodzi yekha ndiye amalengeza poyera, ndi chilembo chofiira chooneka patali, kuti: sindikudziwa, chenjerani nane. Ndani winanso m'dziko muno analimbapo mtima chotere? Tangoganizani aphungu atsopano akulowa m'Nyumba ya Malamulo atamata L pamsana, kapena mmisiri uja anakumangirani khonde lopendama atabwera naye pachifuwa. Bwenzi tikupulumuka zambiri.

Ena amati wophunzira ndi wachabechabe chifukwa lamulo silimulola kuyenda yekha, pambali pake pakhale munthu wa laisensi. Kumeneko ndiye kulemekezeka. Ngati nduna ya boma, iye sayenda wopanda womuperekeza, ndipo kumbuyo kwake kumakhala mdipiti wa galimoto zomutsatira pang'onopang'ono, popanda ngakhale sayirini imodzi. Womuperekezayo amamulangiza mosalekeza: "Kilachi, achimwene, kilachi! Mwapang'onopang'ono! Ayi, imeneyo ndi buleki!" Galimoto n'kudumpha kawiri, n'kuzima, pamaloboti penipeni, pamtunda, nyali itangosanduka yobiriwira.

Nthawi imeneyo a L amachita zimene andale zawakanika kuyambira 1994: amagwirizanitsa mtundu. Wakumpoto, wapakati, wakummwera, wa Bullets ndi wa Wanderers, onse amaliza hutala pamodzi ndi mtima umodzi. Kondakitala amatulutsa mutu pawindo n'kupereka uphungu waulere wokhudza makolo a wophunzirayo. Mkati muja, munthu amene anaiwala njira ya kutchalitchi akupemphera mokweza, dzanja lili pa handibuleki, maso ali pagalasi kuyang'ana bampala ya mwini wake imene ikuyandikira yokha.

Ngakhale mwambo a L amausunga. Pakagwa maliro n'kuyala masamba pamsewu, madalaivala okhwima amaponda buleki mochita kukakamizika. Wophunzira safunika kuuzidwa, liwiro lake ndi la pamaliro kuyambira pomwe wanyamukira.

Kumudzi nako mbiri imafika msanga kuposa galimotoyo. Azakhali ayamba kale kukutcha adalaivala, asungitsa malo a matumba awo a chimanga, ndipo amalume akufunsa ngati udzanyamule akwati. Galimoto ulibe, ndiponso chiphasocho chili ndi tsiku lotha ntchito, koma zimenezo usawauze. Ulemu wotere subwera kawiri.

Choncho inu a laisensi yokhwima, mawa mukapezeka kumbuyo kwa L wofiira pamtunda, chotsani dzanja pa hutala, musiyireni mpata wokwanira wobwerera m'mbuyo, ndipo muonetsetse mmene akuyatsira indiketa. Mwina mungakumbuke mbali imene ili yanu.