Njuzu ndi ya mtundu wanji?

Ine ndakalamba ndikuthyola tiyi muno mu Honde, dengu kumsana, ndipo nsomba imene ndimaidziwa bwino ndi matemba a pamsika wa Hauna. Koma sabata yatha ndinasanduka katswiri wa zam'madzi, mpaka nsima inazizira.

Anayambitsa ndi mdzukulu wanga wa zaka 9. Anabwera ndi foni ya amake. "Agogo, taonani! Akufanana ndi ine!" Ndinaona mtsikana wakuda, kumunsi mchira wansomba, akuimba pansi pa nyanja. Akuti ndi Halle Bailey, mu filimu ya Disney ya 2023, The Little Mermaid. Amake anawonjezera kuti ku America anthu ena anakalipa zedi, ati Ariel wa katuni ya 1989 anali mzungu, ndipo nthanoyo analemba ndi Hans Christian Andersen wa ku Denmark mu 1837, tsono wakuda akufunamo chiyani.

Apa n'pamene ndinadzichotsa ulemu. Ndinakhosomola ngati nyakwawa n'kunena kuti azunguwo sakunama. Anzathu Achishona amachitchula njuzu chinthu chimenechi, ndipo aliyense amene ndinamumva akufotokoza za m'maiwe a Pungwe amati n'choyera khungu, tsitsi lofika m'chiuno.

"Munachionapo, agogo?"

"Ayi."

"Nanga amene anakuuzaniwo?"

"Anamva kwa amalume awo."

Mayi a kunyumba anaseka mpaka kutsamwa. "Bambo inu, nkhanu ikuimba m'filimumo simunadabwe. Mwadabwa khungu basi?"

Ndinayesa kuthawira ku boma. Ndinawakumbutsa za 2012, pamene nduna ya zamadzi, a Samuel Sipepa Nkomo, anauza komiti ya Senate kuti njuzu zikuthamangitsa antchito pa madamu ku Gokwe ndi kufupi ndi Mutare. Ndimati pamenepo ndapambana. Mayi aja, amene saiwala kanthu kupatula ngongole zawo, anandikumbutsa mbali ina: ndunayo inati anatumizako ngakhale azungu, nawonso anabwerako chothawa. Njuzu yeniyeni ilibe tsankho, imathamangitsa aliyense. Ndipo palibe wothawa amene anaima kuti aone khungu.

Mnyamata wa neba, wa Fomu 4, anathira mafuta pamoto. Akuti mu 2022 kunalinso phokoso pa sewero la pa TV la The Rings of Power, chifukwa Sophia Nomvete, mayi wakuda, anasewera mfumukazi ya anthu aafupi okhala m'mapiri. Apa ndiye magazi anga a ku Mulanje anawira. Bambo anga, amene anabwera kuno wapansi kudzafuna ntchito ya tiyi, ankatisimbira za Amwandionerapati a m'phiri la Mulanje. Anthu aafupi a m'phiri ndi athu kuyambira kale! Ndinamenya tebulo. Kenaka ndinazindikira kuti ndasintha timu masewero ali mkati, popanda wondigula.

Usiku tulo sitinabwere. Ndinakumbukira gule wathu, amene kuno amati zvigure. Simoni uja wa nkhope yofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa, ndi Maliya, akhala akuvina pabwalo zaka zambirimbiri. Kodi analembapo kalata yodandaula ndani kuchokera ku London? Za amene amabwera nawo kuchokera kudambwe ndisanene, mbuzi yolipira ndilibe. Ndinayang'ananso kalendala ya pakhoma: Yesu wa maso obiriwira, tsitsi ngati lothira mafuta a m'sitolo. Yakhala pamenepo chithereni chaka chake, sindinafunsepo kanthu.

M'mawa ndinapeza mdzukulu uja wavala thumba la fetereza kumiyendo, akudzikoka pakhonde, akuimba Chingerezi chosweka. Ndinamuuza kuti njuzu ya mtundu uliwonse isayandikire Pungwe nthawi ya mvula ino. Anavomera, koma anati ineyo ndikhale nkhanu.

Ndakhala nkhanu masiku anayi tsopano. Mawondo akupweteka.