Ulemu kwa a Mphaka, Osunga Nthawi a ku Joni

Mzinda wa Johannesburg unabadwa uli pa liwiro. Golide atapezeka pa famu ya Langlaagte mu 1886, anthu anakhamukirako kuchokera kumbali zonse, ndipo mpaka lero sanapume. Agogo athu amene anapita pa Wenela ndi pa Theba ankadzutsidwa m'komponi kusanache kuti akatsike mumgodi. Zidzukulu zawo lero zikudzutsidwa ndi alamu ya pafoni kuti zikapeze takisi yoyamba ya ku Randburg kapena ku Sandton. Aliyense ali piringupiringu. Koma mukafunsa amene amasungadi nthawi mumzinda wonsewu, dzina ndi limodzi basi, ndipo mwini wake ali gone pampando wa dona, mchira atauzinga kumphuno. Tiyeni tiwombe m'manja: ndi a Mphaka.

Opikisana nawo onse anagwa panjira. Tambala, amene kwathu tinamulemekeza mpaka kumuika pa ndalama, alibe malo m'mafulati a ku Hillbrow ndi ku Yeoville. Mbalame ya hadeda imadzutsa anthu ndithu, koma imakuwanso masana ndi madzulo popanda chifukwa, ndiye imeneyo ndi yosokosera chabe. Nyumba yakale ya positi ya mu Rissik Street, ya nsanja ya wotchi ija, inapsa ndi moto mu 2009. Ndipo mu 2023, kampani ya magetsi ya Eskom itafika pozimitsa magetsi pafupifupi tsiku lililonse, mawotchi a pambaula anangotsala akuphethiraphethira, mafoni anafa, maloboti m'misewu anagona tulo. A Mphaka okha ndiwo sanasokonezeke. Nthawi ya chakudya itakwana, anali chilili pakhomo la khitchini, mumdima momwemo, akulira mokumbutsa.

Anthu a nsanje amati mphaka sadziwa nthawi popeza satha kuwerenga wotchi. Limenelo ndi bodza. Wotchi ya a Mphaka ili m'mutu: kagulu kakang'ono ka maselo mu ubongo kamene kamayendetsa tulo, njala ndi kutentha kwa thupi pa maola pafupifupi 24, ndipo kuwala kolowa m'maso ndiko kumakakonza tsiku ndi tsiku. Jeffrey Hall, Michael Rosbash ndi Michael Young analandira mphoto ya Nobel mu 2017 atafotokoza mmene wotchi ya m'thupi imayendera, koma iwo anafufuza pa tintchentche. A Mphaka sanadandaule. Munthu wamkulu salimbirana mphoto ndi ntchentche.

Wotchi yachiwiri ili m'mimba. Nyama imene yazolowera kudya pa ola limodzimodzi imayamba kutakataka ola lija lisanakwane. Yachitatu ili m'makutu. A Mphaka amadziwa kuti geti likalira, ketulo ikawira, filiji ikatsekulidwa, chotsatira ndi mbale yawo. Amasiyanitsa galimoto ya bwana ndi ya woyandikana naye ili kutali. Ndani wa ife ali ndi mawotchi atatu, onse osafuna batire?

Mwambo umenewu anautengera kumtundu. Kholo lawo ndi vumbwe, mlenje wa m'bandakucha ndi chisisira, nthawi imene mbewa zimatuluka. Pachilumba cha Cyprus anafukula manda a zaka pafupifupi 9,500 mmene munthu anaikidwa pamodzi ndi mphaka. Zaka zonsezi akhala nafe, koma ola la makolo awo sanalitaye. N'chifukwa chake mu Disembala, pamene dzuwa la ku Joni limatuluka 5 koloko itangopitirira, amakwera pachifuwa cha dona kusanayere n'kumuponda ndi ulemu wonse. Mu Juni, dzuwa likamachedwa mpaka cha m'ma 7 koloko, chisanu chitayera pa kapinga, mimba ndiyo imatenga udindo wa dzuwa, ndipo dona amadzukabe. Ena amatcha zimenezi nkhanza, koma ndi chilungamo. A Mphaka sadziwa Lamulungu, sadziwa holide ya pa 27 Epulo, sadziwa kuti mwezi uli pakati kapena kumapeto. Masiku onse amawaweruza mofanana, ndipo ziphuphu salandira, kupatula nsomba ya m'chitini.

Pali mlandu wina umene adani awo amakonda kuutchula: wa makoswe a ku Alexandra. Makoswewo atachuluka, akuluakulu a mzinda anaika mabokosi a akadzidzi m'masukulu kuti mbalamezo zithandize, ngakhale anthu ambiri ankaziopa poganiza za ufiti. Mu 2012 kunabweranso mpikisano woti wogwira makoswe 60 azilandira foni ya m'manja. Nanga amphaka anali kuti? Funso limeneli ndi lachipongwe. Mphaka amagona maola 12 mpaka 16 pa tsiku, ndipo ndondomeko yotereyi siisinthidwa mwachisawawa chifukwa cha khonsolo. Wosunga nthawi weniweni amadziwa ola loyamba ntchito, amadziwanso ola loweruka. Kuona maso a nkhono n'kudekha: khoswe amene wapulumuka lero adzapezeka mawa, pa nthawi yake.

Taonaninso mmene anakwerera paudindo. Kwathu mphaka amadya zotsala, akayandikira mphika wa ndiwo amakumana ndi chikuni, akalira usiku padenga anthu amayamba kutchula mayina a anzawo. Kuno ali ndi bedi, dokotala, khadi la katemera ndi wantchito. Kawirikawiri wantchitoyo ndi mnzathu wa ku Mzimba, ku Mangochi kapena ku Nkhata Bay, amene anabwera kudzasamala maluwa n'kupezeka kuti bwana wake weniweni ali ndi ndevu zam'mbali ndi miyendo inayi. Eni nyumba akapita kunyanja ku Durban pa Khirisimasi, amasiya malangizo olembedwa: mbale ya m'mawa 6 koloko, ya madzulo 6 koloko. Mnzathuyo sachedwa ngakhale mphindi imodzi.

Apa ndiye a Mphaka aposa aphunzitsi onse. Munthu yemweyo, akaitanidwa ku msonkhano wokonza ukwati ku Rosettenville nthawi ya 2 koloko, amafika cha m'ma 4 koloko n'kupeza wapampando asanabwere. Munthu yemweyo anatsanzika kumudzi kuti akubwera mvula ikayamba, ndipo mwana amene anamusiya kumsana lero akulemba mayeso a Fomu 4. Sanganamizire kusiyana kwa nthawi, pakuti wotchi ya ku Lilongwe ndi ya ku Johannesburg zimaloza ola limodzi. Mabasi nawo amanyamuka mumzinda uno kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete mpaka ku Mwanza sabata iliyonse. Mphaka amayendayenda usiku wonse m'mipanda ya eni, koma mbale yake ikamalira amakhala atafika. Sanatchonepo. Amadziwa kuti kumene amakudikira uyenera kufikako akadakudikira.

Choncho pempho langa kwa magulu onse a Amalawi a ku Joni, a maliro, a chipereganyu, a makwaya ndi a mpira omwe, ndi lakuti pa chisankho chikubwerachi mpando wa msungitsamwambo upite kwa a Mphaka. Malipiro awo ndi chitini chimodzi pa tsiku. Msonkhano uziyamba iwo akalira, uzitha iwo akagona, ndiye kuti sudzapitirira theka la ola. Wochedwa azilipira nsomba. Ndipo aliyense amene wakhala zaka zisanu osaponda kwawo aziperekezedwa ndi a Mphaka mpaka pa Park Station, tikiti ili m'manja, 5 koloko m'mawa.