Vulani Zipewa, Passo Ikudutsa

Oimba atamanda phiri la Mulanje mpaka mawu kusasa, alakatuli aitopetsa Nyanja ya Malawi, koma palibe amene wadzukapo kuyamikira kagalimoto kamene kasenza mabanja a dziko lino: Toyota Passo, pamodzi ndi asuweni ake Vitz, Fit, March ndi Demio. Kusayamika kotereku n'kochititsa manyazi, ndiye lero ndaimirira ine.

Taonani kudzichepetsa kwake. Kanabadwira ku Japan, n'kukulira pa misewu yosalala. Kumeneko kuli lamulo loyeza galimoto lotchedwa shaken: yatsopano imayezedwa pakatha zaka zitatu, kenako zaka ziwiri zilizonse, ndipo ndalama zake n'zowawa moti ambiri amangoti bola kugulitsa. Kamene kwawo akukayesa nkhalamba kamakwera sitima ya pamadzi, n'kutsikira pa doko la Dar es Salaam, n'kuuyamba ndi matayala ake: kudutsa Mbeya, kulowa pa Songwe, kukwera chitunda cha Chiweta ndi injini ya lita imodzi, ya masilinda atatu okha. Kakafika ku Area 25 kapena ku Chilomoni, amayi amalulutira, abusa amakapempherera, ndipo aliyense amati, "Mwagula yatsopano!"

Mwambo wa kwawo sikataya. Ukangoliza injini, mawu a mayi wa ku Japan amamveka mwaulemu. Omva chilankhulocho amati mayiyo amangodandaula kuti khadi yolipirira misewu ya kwawo sinalowetsedwe, koma ana kunyumba anagwirizana kalekale kuti amati "muyende bwino". Pa mageti olipirira msewu a Chingeni ndi Kalinyeke timapisa m'thumba tokha, iye ali phee. Wailesi yake nayo ndi yanzeru: imagwira kuyambira 76 kulekeza 90 pa FM, choncho nyumba zoulutsira mawu zambiri za kuno siizimva. Banja limayenda mumtendere, osamva za ndale, osamva kuti shuga wakweranso.

Pa nkhani ya katundu ndiye ndimachita kusowa mawu. Buti yake anaipangira timajumbo tiwiri ta kugolosale. Kuno imameza matumba a chimanga, thumba la makala, mtolo wa nzimbe wotulukira pawindo, ndi nkhuku imene azakhali akupatsani potsanzikana. Mapepala amati anthu asanu; ulendo wa kumaliro umati asanu ndi awiri, osawerengera mwana wa pamiyendo. Kakatero kamatsika, mimba kuyandikira pansi, ndipo hampu iliyonse kamaigwadira, kuidutsa cham'mbali pang'onopang'ono ngati mkamwini wodutsa pabwalo la apongozi. Kakakhula pansi, khwee, m'galimoto monse mumangoti zii, kupatula amalume amene alibe ngakhale njinga: "Mukanagula yaitali."

Komabe mphatso yake yaikulu ndi dzina. Dzulo munali bambo a uje, lero ndinu bwana. Abale amene anaiwala nambala yanu amaikumbukira. Pakati pa usiku chitseko chimagogodedwa, mkazi wa aneba matenda ayamba, ndipo inu ndinu ambulansi. Loweruka ndinu onyamula timaluwa ta pa ukwati, Lamulungu amayi a Mvano, pa zovuta ndinu a nkhata ndi ndiwo. Malipiro ake ndi apamwamba zedi: "Ambuye akudalitseni, achimwene." Ndinafunsapo pa filing'i sitesheni, madalitso salandira. Ndipo musayerekeze kunena kuti mulibe ndalama ya fizi ya mphwanu. Munthu wa galimoto n'kusowa ndalama?

Ena amakanyoza kuti n'kosaoneka bwino. Akuluakulu anati ukaipa dziwa nyimbo, ndipo Passo imaimba. Mashoki akatha kumabwera ng'oma, bampala yomangidwa ndi waya imayankha, chitseko cha kumbuyo chimapolokozera. Pa dashibodi pamayaka kanyali kachikasu kamene sikazima ngakhale magetsi atathima tauni yonse. Mukapita nako ku Biwi kapena ku Ndirande, makaniko amatchera khutu, n'kugwedeza mutu, n'kupereka chigamulo chimene sichisintha: "Ndi sensa, bwana." Sensa iti, zimenezo n'zinsinsi za ntchito. Ubwino wina, popeza ndi otomatiki, sikalira pokankha. Batire ikafa simuchita manyazi othamangitsa ana m'mbuyo mwa galimoto. Mumangoima pambali pa msewu mutanyamula mawaya, kumwetulira aliyense wodutsa.

Kanatiphunzitsanso umodzi. Pamene mafuta anayamba kusowa mu 2022, eni Passo ndi eni Prado tinagona pa mzere umodzi, kulumidwa ndi udzudzu womwewo. Kusiyana kwake n'koti ife malita khumi ankatifikitsa patali, iwo ankangosunthira pa mzere wina.

A zachuma amvetsere apa. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023. Zipangizo zinakwera, inshulansi ndi COF sizinachite chisoni, koma mtengo wa kagalimotoko nawonso unakwera. Munthu wakayendetsa zaka zingapo, wakaswa nyali, wakanyamulira mbuzi, n'kukagulitsa makwacha ambiri kuposa amene anagulira. Zoti makwachawo sangagulenso kena, tisaononge chikondwerero.

A Toyota anasiya kupanga Passo mu 2023. Tisalire msanga. Zomalizazo zikadali m'manja mwa anzathu a ku Osaka ndi ku Nagoya, akutisungira. Pempho lathu kwa iwo n'lochepa: muziisintha oyilo pa nthawi yake, musaziyendetse kwambiri, ndipo podzatumiza, chonde, muikemo tayala la sipeya lenileni. Katayala konga bisiketi kaja sikafika ku Ntchisi.