Wawa, a Bakayawo!

Ndiwo zambiri n'zopepera. Dzira ukangoliswera m'chiwaya lagonja, nkhwani akangomva moto walefuka. A Bakayawo sali m'gulu la ofooka otere. Buku lina la malangizo a pabanja, Le Ménagier de Paris, lolembedwa ku France cha m'ma 1393, limauza mayi wa pakhomo kuti nsomba youmayi ayambe waisasantha ndi nyundo yamtengo kwa ola lathunthu, kenako aiviike m'madzi ofunda kwa maola 12 kapena kuposerapo, ndiye aganize zosonkha moto. Bukulo limatinso nsombayi imatha kusungidwa zaka 10 ngakhale 12. Tandiuzeni, ndi ndiwo iti ina imene mungagule mwana ali m'chikuta, n'kudzaiphika mwanayo akudziwa kale kugwira khasu? Ine ndavula chipewa, ndipo mukaona ndagwira mphuno, dziwani kuti ndi ulemu womwewo.

Bakayawo wa pamsika kwathu kuno ndi mbumba chabe. Eni ufumu ndi nsomba yotchedwa cod, ya m'madzi ozizira a kumpoto kwa nyanja ya Atlantic. Ali moyo alibe chokopa: kukamwa kwakukulu, kandevu kamodzi pachibwano, ndi dyera losasankha, moti amameza ngakhale tiana ta mtundu wawo womwe. Ulemerero wawo umayamba atafa. Mafuta awo amasunga m'chiwindi, mnofu n'kukhala woyera, wopanda mafuta oti n'kusasa. Nsomba zonona zimaonongeka msanga, koma iwowa amauma gwa! n'kuyamba kudikira zaka.

Tiyambire ku zilumba za Lofoten, kumpoto kwa Norway. Chaka chilichonse kuyambira Januwale mpaka Epulo, cod amatsika kuchokera ku nyanja ya Barents kudzaikira mazira kumeneko. Taonani chifundo chawo: sasankha nyengo yofunda, amabwera kuzizira kutafika pachimake, dzuwa likungosuzumira n'kubwerera. Asodzi ankawatsatira m'mabwato apululu, opalasa ndi nkhafi, ali ndi chingwe ndi mbedza m'manja ochita dzanzi, ndipo usiku ankagona mothithikana m'tizisakasa ta m'mbali mwa nyanja. Ambiri sankabwerera kwa akazi awo. Nsomba ikavuulidwa ankaidula mutu, kuitumbula, kuimanga ndi inzake kumichira, n'kuzikoleka ziwiriziwiri pamitengo yopingasa. Sankathira mchere, sankawamba pa utsi. Ntchito yonse inali ya mphepo, chifukwa kuzizira kwa kumeneko n'kokwanira kuthamangitsa ntchentche koma sikofika poumitsa mnofu ngati mwala wa ayezi. Pofika Juni, pa magawo asanu a kulemera kwa nsomba, anayi amakhala atapita ndi mphepo.

Chotsalacho ndiye chinali ndalama. Kumpotoko mbewu sizicha bwino, choncho msodzi ankatengera nsomba zake ku Bergen kukasinthanitsa ndi ufa. Kumeneko ankapeza amalonda a ku Germany a mgwirizano wa Hansa, amene anali ndi malo awo pa doko la Bryggen kuyambira cha m'ma 1360 mpaka 1754. Wamalonda ankapereka ufa wa chaka chino pangongole ya nsomba za chaka chamawa, ndipo chaka chamawa chikavuta ngongole inkakula, bambo akamwalira n'kugwera ana. Ena amati kameneka kanali katapila. Ine ndikuti a Bakayawo ankamanga chibale chosatha, pakuti wangongole ndi mwini ngongole saiwalana. Ndipo musaganize kuti Ajeremaniwo ankangodyerera. Lamulo lawo silinkawalola kukwatira, ndiponso m'nyumba zawo zamatabwa munali moletsedwa kukoleza moto poopa ngozi. Amuna athunthu, kukhala mbeta, kugona akunjenjemera, zonsezi potumikira nsomba yopanda mutu.

Alendo nawo ankatengeka. Mu 1432 Pietro Querini, wamalonda wa ku Venice, atasweka chombo anakatsakamira pa chilumba cha Røst pamodzi ndi anzake ochepa amene anapulumuka. Asodzi anawasunga miyezi ingapo, ndipo pobwerera kwawo iye ananyamulako nsomba zoumazi. Mpaka lero anthu a ku Vicenza amaziphika mumkaka ndi mafuta a olivi, n'kumanyadira ngati zinachokera pamtsinje wawo.

Nanga za uzimu? Mpingo wa Katolika unkaletsa nyama Lachisanu lililonse, m'nyengo yonse ya Lenti ndi masiku ena ambiri osala. Munthu wa kumtunda, kutali ndi nyanja, akanadya chiyani? A Bakayawo ndi anzawo a hering'i, nsomba za m'migolo, ndiwo ankanyamula chikhristu cha ku Ulaya pamsana, ndipo kunena zoona, palibe mlaliki amene anaphunzitsa anthu kulapa kuposa mbale ya nsomba imeneyi itaperewera kuviika. Chodabwitsa n'chakuti England atachoka mumpingo wa Katolika, nsomba sanaisiye. Mu 1563, Elizabeth I ali pampando, nduna yake William Cecil inalimbikitsa lamulo lowonjezera Lachitatu pa masiku odya nsomba. Chifukwa chake sichinali cha kumwamba ayi. Anthu akamadya nsomba asodzi amachuluka, ndipo nkhondo ya pamadzi ikabuka mfumu imapeza pogwira amalinyero. Angerezi anamukana Papa, koma ndiwo zake anazitsalira.

Ufumu unakula kwambiri John Cabot atanyamuka ku Bristol mu 1497 n'kukafika ku gombe la kumpoto kwa America. Mbiri inamveka kuti kufupi ndi Newfoundland nsomba n'zochuluka moti ungangomiza dengu lomangirira mwala n'kulitulutsa lodzaza. Posakhalitsa asodzi a ku Portugal, a ku France, Abasiki ndi Angerezi a ku Poole, Dartmouth ndi Bideford anayamba kuwoloka nyanja chaka ndi chaka. Afalansa anali ndi mchere wambiri wotchipa, ndiye ambiri ankangothira mchere wochuluka m'chombo momwemo n'kubwerera. Angerezi mchere unkawavuta, choncho ankathira pang'ono n'kuyanika pamtunda. Aliyense wofika pa doko ankafuna malo abwino oyanikira, ndipo lamulo linali lakuti woyendetsa chombo amene wayamba kufika ndiye mfumu ya dokolo nyengo yonseyo, woweruza milandu ya anzake. Liwiro ndilo linkalonga munthu ufumu, kaya adziwa kuwerenga kaya sadziwa.

Tayerekezani kuti mwalowa m'chisakasa chomangidwa pamwamba pa madzi. Pathebulo paima anthu motsatana. Woyamba acheka pakhosi n'kung'amba mimba. Wachiwiri azula chiwindi n'kuchiponya mumgolo, matumbo n'kugwetsera pansi, mutu n'kuuthyolera m'mphepete mwa thebulo. Wachitatu, amene ankalandira malipiro apamwamba chifukwa cha luso la mpeni, achotsa fupa la msana, nsomba n'kutambasuka. Kenako wamchere. Kunja anyamata akuyala nsomba pamathandala a nthambi, kuzitembenuza, kuziunjika mvula ikaopseza, kuziyalanso ikapita. Pambali ziwindi zikuwola m'migolo kuti mafuta ayandame, oti akayatsire nyale ndi kufewetsera zikopa. Mfumu iliyonse ili ndi oimba ng'oma olengeza kubwera kwake. Kwa a Bakayawo ntchito imeneyi inkagwiridwa ndi fungo, ndipo silinkapempha malipiro.

Mafumu enieni ankadziwa amene ali wamkulu. Mu 1763, pa pangano la ku Paris, France anataya Canada yense, dziko lalikulu loopsa, koma anaumirira kuti asamulande mwayi wosodza ndi tizilumba tiwiri touma, Saint-Pierre ndi Miquelon, toti asodzi ake aziyanikirapo nsomba. Tizilumbato n'ta France mpaka lero.

Tifike pa kuwolowa manja kwawo, pakuti a Bakayawo sanamane munthu. Nsomba zikauma ankazisankha. Zoyera, zosasweka, zinkapita ku Spain, Portugal ndi Italy. Zothetheka, zopsa ndi dzuwa, zowonjeza mchere, zija zoti wogula wa ku Lisbon sangaziyang'ane kawiri, sizinkatayidwa. Zinkakwera zombo kupita ku zilumba za Caribbean kukadyetsa Aafirika ogwidwa ukapolo m'minda ya nzimbe, chifukwa eni minda anaona kuti kugula nsomba zokanidwa n'kotchipa kusiyana ndi kupatula munda wolima chakudya. Zombozo pobwerera zinkanyamula shuga, manyuchi a nzimbe ndi kachasu wa rum. Amalonda ankati malonda abwino, palibe chowonongeka. Ulemu wa pamenepa sindiupereka kwa nsomba kapena kwa amalondawo. Ndiupereka kwa amayi amene analandira zinyenyeswazo, kuzisukuluza, kuzikazinga ndi tsabola ndi chipatso cha ackee chochokera ku West Africa, mpaka zinasanduka chakudya chimene dziko la Jamaica limadziwika nacho lero.

Asodzi eniake nawo ankadya zotsala, popeza thupi la nsomba linali la wamalonda. Ku Norway ankaphika chiwindi ndi mazira a nsomba pamodzi, ana n'kumadula malilime m'mitu yotayidwa, ntchito imene ana a ku Lofoten amaigwirabe. Ku Iceland, kumene mfumu ya Denmark inapereka malonda onse kwa amalonda ake okha kuyambira 1602 mpaka 1787, ufa unali wosowa, ndipo anthu ankasasantha nsomba youma n'kuipaka batala m'malo mwa buledi. Ena a ku Norway ndi Sweden anatulukira njira yoigonjetsera poiviika m'madzi a phulusa, ngati chidulo cha thelere, mpaka mnofu kuchita lendelende. Amaitcha lutefisk, amaidya pa Khirisimasi, ndipo mlendo amene waitha mbale yonse osagwetsa msozi amayenera kupatsidwa malo.

Anthu okhawo amene anathokoza poyera ndi a ku Massachusetts. Mu 1784, wamalonda John Rowe atapempha, anapachika m'nyumba yawo ya malamulo ku Boston chosema cha cod chamtengo wa paini, chotalika pafupifupi mita ndi theka, kuti aphungu azikambirana za dziko ali pansi pa nsomba. Mu 1933 anyamata a magazini ya nthabwala ya pa yunivesite ya Harvard anachidula zingwe n'kuthawa nacho. Apolisi anabalalika mumzinda monse kusaka nsomba yamtengo, ndipo itabwezedwa patatha masiku awiri, akuluakulu anaipachika m'mwamba pang'ono kuti dzanja la munthu lisafikire. Mu 1968 ophunzira ena anabwera ndi makwerero.